COIPA CITSATA MWINI: ZIMENE A KU INDIA AMAPHUNZITSA ZA IMFA

Wolemba Mtolankhani Wathu

Pa maliro ali onse m'midzi yathu, adzukulu akatha kukwirira manda ndipo anthu abwerera ku mudzi, pamatsala mafunso amene sakwiririka. Amuna amawanong'ona usiku pa moto, akazi amawalira m'nyumba ya siwa. Kodi n'cifukwa ninji wapita uyu osati uje? N'cifukwa ninji kamwana kongoyamba kumene kuyenda kagona ku manda, pamene munthu amene anasautsa mudzi wonse akali kudya nsima ndi kunenepa? Nanga amene watisiyayo ali kuti tsopano, ndipo kodi tidzamuonanso?

Mafunso amenewa sali a Acewa, Ansenga, Angoni kapena Akunda okha ai. Mtundu uli wonse pa dziko lapansi unayesa kuwayankha. Sabata ino tifuna kukutengerani ku India, dziko la anthu oposa 1,400 miliyoni, kumene yankho lao analipatsa dzina lakuti karma. Liu limeneli linafika kale kwathu kuno. Ana athu a sukulu ndi a m'matauni amalilemba pa lamya zao za m'manja, ndipo akaona mbala itathyoka mwendo amati imeneyo ndi karma. Koma eni ake a liuli amatanthauza zozama kuposa pamenepo. M'ciphunzitso cao muli zina zotonthoza mtima, mulinso zina zimene zinazunzitsa anthu osalakwa. Zonse ziwiri n'zoyenera kuti tizidziwe.

SI AMWENYE ONSE

Nkhani imeneyi ndinayamba kuimva ndiri mwana. Amalume anga anagwira nchito zaka zambiri m'sitolo ya Mmwenye wina ku Lusaka. Mwini sitoloyo atamwalira, amalume anaperekeza maliro monga mwa mwambo, koma anabwerako ali kakasi. Kunalibe manda, kunalibe dzenje. Mtembo unatenthedwa, ndipo amene anayatsa motowo anali mwana wamwamuna woyamba wa malemuyo. Atafotokoza zimenezi ku mudzi, akulu-akulu anapukusa mitu nagamula kuti anthu amenewa alibe cisoni ndi akufa ao. Inenso ndinakula ndi maganizo omwewo kufikira pamene ndinayamba kuwerenga ndi kufunsa.

Coyamba cimene tiyenera kuongola ndi ici: si Amwenye onse amene amatentha maliro. Amwenye anayamba kufika ku Fort Jameson, imene lero ndi Chipata, ca m'ma 1905, kucokera ku cigawo ca Gujarat, ndipo ambiri a m'cigawo cathu ca Kum'mawa ndi Asilamu. Asilamu amaika maliro m'manda monga ife, ndipo saphunzitsa zakuti munthu amabadwanso m'thupi lina. Otentha maliro ndi Ahindu, amene kuno kwathu amapezeka kwambiri ku Lusaka, ku Livingstone ndi ku Migodi. Ku India kweni-kweniko, kalembera wa 2011 anapeza kuti anthu pafupi-fupi 80 mwa 100 ali onse ndi Ahindu. Ciphunzitso ca karma cimapezekanso mwa Abuda, Ajaini ndi Asiki, ngakhale kuti gulu liri lonse limacifotokoza mwa njira yake.

KODI KARMA NDI CIANI?

Liu lakuti karma ndi la cinenero cakale ca Sanskrit, ndipo tanthauzo lake ndi nchito, kapena cocita. Ciphunzitsoci cimapezeka m'mabuku ochedwa Upanishad, a zaka zoposa 2,500 zapitazo. Mutu wake ndi wakuti palibe cocita ca munthu cimene cimatayika. Cabwino cimabala zokoma, coipa cimabala zowawa, ndipo zipatsozo zimabwerera kwa mwini wake. Apa makolo athu sakanatsutsa, pakuti iwonso anati coipa citsata mwini, natinso kupatsa nkuika.

Kusiyana kuli pa nyengo ya kukolola. Ahindu amakhulupirira kuti mzimu wa munthu, umene amaucha atman, sufa, ndiponso sunayambe pa tsiku limene munthuyo anabadwa. Buku lao lochuka la Bhagavad Gita limayerekeza thupi ndi cobvala cabe. Thupi likatha, mzimu umabadwanso m'thupi lina, la munthu wolemera kapena wosauka, mwinanso la nyama, malinga ndi nchito zimene unacita. Kuzungulira kumeneku, kwa kubadwa, kufa ndi kubadwanso, amakucha samsara. Motero munthu woipa amene wafa ali wonenepa sanapulumuke ai. Ngongole yake yangosamukira ku moyo wina.

Aphunzitsi a Cihindu amagawa karma patatu, ndipo mlimi ali yense angamve msanga. Yoyamba, sanchita, ndi zocita zonse za m'miyoyo yakale zimene zikali kudikira. Tingaiyerekeze ndi cimanga ca m'nkhokwe. Yaciwiri, prarabdha, ndi gawo limene latapidwa kale kuti lidyedwe m'moyo uno. Iri ngati cimanga cimene cafika kale mu mtondo, cosabwereranso ku nkhokwe. Yacitatu, kriyamana, ndi zimene munthu akucita lero. Iri ngati mbeu imene iri m'dzanja pa nthawi yobzala. Ziwiri zoyambazo munthu anaziyamba kale, koma yacitatuyi iri m'manja mwake. N'cifukwa cake aphunzitsi amenewa amakana kuti karma iri ngati tsoka longomugwera munthu.

Ife tikamva za kubadwanso tingaganize kuti ndi mwai waukulu. Mhindu saona motero. Kubadwanso ndiko kudwalanso, kukalambanso, kuikanso ana ako m'manda. Cimene iye amalakalaka ndico kumasuka ku mzungulire wonsewo, kuti mzimu wake upumule mwa Mulungu osabweranso. Kumasuka kumeneku amakucha moksha.

MOTO WOSAZIMA WA KU VARANASI

Kuti timvetse zimene amalume anga anaona, tiyeni tipite ku mzinda wa Varanasi, umene Angelezi anali kuucha Benares ndipo Ahindu amauchanso Kashi. Mzindawu uli m'cigawo ca Uttar Pradesh, m'mbali mwa mtsinje wa Ganges, umene kutalika kwake ndi makilomita pafupi-fupi 2,500 ndipo Ahindu amaulemekeza monga mai. Cikhulupiriro cao n'cakuti munthu wofera ku Kashi amalandira moksha. Motero nkhalamba ndi odwala kwa kayakaya amayenda ulendo wautali kuti akatsirizikire kumeneko. Mu 1958 kunatsegulidwa nyumba yochedwa Mukti Bhawan, yolandira anthu oyembekezera imfa. Mlendo amapatsidwa cipinda kwa milungu ngati iwiri; akaona kuti moyo ukali naye, amabwerera kwao kuti wina alowe.

M'mbali mwa mtsinjewo muli madoko a makwerero a miyala ochedwa ghat. Awiri mwa iwo, Manikarnika ndi Harishchandra, ndiwo otentherapo mitembo, ndipo pa Manikarnika moto umayaka usana ndi usiku. Amuna a pa banja amanyamula mtembo pa macira a nsungwi, utakulungidwa m'nsalu, akuitana dzina la mulungu wao Rama m'makwalala. Akafika amaubviika mu mtsinje, kenaka nkuugoneka pa mulu wa nkhuni. Mwana wamwamuna woyamba, atameta mpala ndi kubvala nsalu yoyera, amazungulira mtembo wa kholo lake ndi kuyatsa moto. Pamathiridwa mafuta a mkaka wa ng'ombe, ndipo opeza bwino amaonjezapo nkhuni zonunkhira. Patapita maola ngati 3 thupi limakhala litatha. Mwanayo amaponya mphika wa madzi ca kumbuyo nacoka osaceuka, ndipo phulusa limaperekedwa ku mtsinje.

Moto woyatsirawo satenga pena pali ponse. Umasungidwa ndi anthu a pfuko lochedwa Dom, amene m'masiku ena onse amayesedwa onyozeka, koma pa tsiku la maliro ngakhale wolemera amaima pamaso pao kupempha moto. Ana ang'ono ndi anthu opatulika amene anasiya za dziko kawiri-kawiri satenthedwa, cifukwa amati iwo safunika kuyeretsedwa ndi moto.

Tsono taonani: cimene akulu-akulu a kwathu anaciyesa nkhanza, kwa Mhindu ndiyo nchito yotsiriza ya cikondi. Moto umamasula mzimu kuti usakakamire thupi limene latha nchito. Mwana amene wayatsa moto wa atate wake wabweza ngongole ya kubadwa. Ndipo Mhindu akamva kuti ife timatsekera amai athu m'dzenje la mdima nkuwasiyira ciswe, nayenso angapukuse mutu. Kulemera kwa mwambowu kunaoneka poyera m'miyezi ya April ndi May 2021, pamene nthenda ya Covid-19 inapha anthu ambiri-mbiri ku India. Ku Delhi malo otentherapo anacepa, mitembo inatenthedwa m'mabwalo oimikapo magalimoto, ndipo mabanja ambiri analira kawiri: kulira wakufa, ndi kulira kuti sanamperekeze mwa mwambo.

MASIKU 13 A KULIRA

Moto ukazima, maliro sanathe. M'mabanja ambiri a Cihindu kulira kumatenga masiku 13. Anamfedwa amakhala pa nyumba, amadya zakudya wamba, sapita ku kacisi kapena ku cikondwerero, ndipo acibale ndi anansi amabwera kudzakhala nao. Pa masiku 10 oyamba mwana uja amapereka nsembe ya madzi ndi tinthongo ta mpunga tochedwa pinda. Amati mzimu wa munthu wongofa kumene umakhala wa njala ndi wosakhazikika, ndipo tinthongo timeneti timaumangira thupi latsopano la pa ulendo. Ca pa tsiku la 12 wansembe amatsogolera mwambo wolumikiza wakufayo ndi makolo ake amene anatsogola. Pambuyo pake pamakhala phwando, ndipo a pa banja amabwerera ku nchito zao. Caka ndi caka amacitanso mwambo wa cikumbutso wochedwa shraddha, ndipo pali nyengo ya milungu iwiri, ca mu September, yochedwa Pitru Paksha, imene mabanja amakumbukira makolo ao onse.

Wowerenga wa ku Katete kapena ku Chadiza waona kale kufanana kwake. Nafenso timagona pa siwa, timameta maliro, ndipo patapita miyezi Acewa amafulula mowa wa bona, nyau nkubvina, kuti mzimu wa malemu ukhazikike pamodzi ndi makolo, usamabvutitse amoyo. Anthu awiri osadziwana, olekanitsidwa ndi nyanja yaikulu ya mcere, anafika pa nzeru imodzi: wofedwa asasiyidwe yekha, ndipo cisoni cipatsidwe masiku ake, ciyambi cake ndi mathero ake.

Komabe tisasokoneze zinthu. Ife tikapatsa mwana dzina la agogo ake, kapena tikanena kuti agogo abwera mwa mwanayu, sitikunena kuti agogowo akulipira macimo ao. Mizimu ya makolo athu imakhala pafupi ndi mbumba, kuiyang'anira ndi kuidzudzula. Akristu ndi Asilamu nao amaphunzitsa kuti munthu amakhala ndi moyo umodzi pa dziko lino, kenaka kuuka kwa akufa ndi ciweruzo. Awa ndi mayankho atatu osiyana, ndipo nyuzi ino siingagamule kuti loona ndi liti, pakuti nkhani ya cikhulupiriro ili yense amaisenza yekha.

MAI WOFUNA NJERE ZA MPIRU

Makilomita ngati 10 kucokera ku Varanasi kuli malo ochedwa Sarnath, kumene Buddha analalikira koyamba. Dzina lake leni-leni linali Siddhartha Gautama, ndipo anabadwira ku Lumbini, m'dziko limene lero ndi Nepal, zaka pafupi-fupi 2,500 zapitazo. Mbiri imati anali mwana wa mfumu, woleredwa mobisidwa ku mabvuto onse. Tsiku lina atatuluka kunja kwa mpanda anaona nkhalamba, kenaka wodwala, kenaka mtembo. Anafunsa ngati zimenezi zidzamugwera iyenso, ndipo anauzidwa kuti palibe wozithawa. Ali ndi zaka 29 anasiya nyumba ndi cuma, ali ndi zaka 35 anapeza cimene anali kufuna atakhala pansi pa mtengo wa mtundu wa kacere ku Bodh Gaya, ndipo anaphunzitsa kufikira imfa yake ali ndi zaka 80.

Abuda amasimba za mai wina dzina lake Kisa Gotami, wa mu mzinda wa Savatthi. Mai ameneyu anacokera ku banja losauka, ndipo ku ukwati anayamba kulemekezedwa pokhapo atabala mwana wamwamuna. Mwanayo atangoyamba kuyenda anamwalira. Mutu wa maiyo unasokonezeka. Ananyamula kamtembo ka mwana wake nayenda khomo ndi khomo kupempha mankhwala. Ena anamuseka, ena anamthamangitsa, kufikira munthu wina wacifundo anamlozera kwa Buddha.

Buddha sanamuuze kuti mwanayo wafa, ndiponso sanamuuze kuti akukolola zoipa zimene anacita m'moyo wakale. Anamtuma kukapempha njere zocepa za mpiru, koma zocokera m'nyumba imene simunafepo munthu. Maiyo anathamanga ndi cimwemwe, pakuti mpiru unali m'nyumba iri yonse. Pa khomo loyamba anampatsa njerezo, koma atafunsa za maliro anamuuza kuti anaika atate ao. Pa khomo laciwiri anali ataika mwana, pa lacitatu mwamuna. Dzuwa linalowa iye alibe njere ndi imodzi yomwe, koma atamva za maliro a mzinda wonse. Pamenepo maso ake anatseguka. Anakagoneka mwana wake ku malo a akufa, nabwerera kwa Buddha, ndipo pambuyo pake analowa m'gulu la akazi odzipereka omtsatira.

Nthano imeneyi siinena kuti cisoni ca mai cinali copanda pake. Cimene ikutionetsa n'cakuti cisoni cimanamiza munthu kuti tsoka lasankha iye yekha. Mankhwala amene Kisa Gotami anapeza anali makomo a anansi ake. Makolo athu anadziwa zomwezo pamene anati maliro nkulirana.

PAMENE CIPHUNZITSO CISANDUKA NDODO

Tsopano tifike pa mbali yowawa. Ngati zonse zimene munthu akumana nazo ziri zipatso za nchito zake zakale, ndiye kuti wosauka, wolumala ndi wamasiye anadzipalira okha. Maganizo amenewa anagwiritsidwa nchito ku India kwa zaka mazana ambiri pocirikiza magulu obadwa nao, apamwamba ndi apansi. Pansi peni-peni panali anthu oyesedwa osakhudzidwa, amene lero amadzicha Dalit. Iwo anali kuletsedwa kutunga pa citsime ca onse ndi kulowa m'kacisi, ndipo anali kuuzidwa kuti kubadwa kwao kotero ndi malipiro a moyo wakale.

Mmodzi wa iwo anali B. R. Ambedkar, wobadwa mu 1891. Ali pa sukulu sanali kuloledwa kukhudza mtsuko wa madzi. Wanchito wa pa sukulupo ndiye anali kumthirira madzi ali patali, ndipo wanchitoyo akajomba, mwanayo anali kukhala ndi ludzu tsiku lonse. Mnyamata ameneyu anaphunzira kufikira ku New York ndi ku London, ndipo ndiye anatsogolera kabungwe kolemba malamulo akulu oyendetsera dziko la India, amene anayamba kugwira nchito pa 26 January 1950. Gawo 17 la malamulowo linathetsa mwambo woyesa munthu wosakhudzidwa. Pa 14 October 1956, ku Nagpur, Ambedkar anasiya Cihindu nalowa Cibuda pamodzi ndi khamu lalikulu la anthu ake, ndipo anamwalira mu December caka comweco.

Akazi amasiye nao anamva ndodo yomweyo. M'mabanja ena imfa ya mwamuna inali kuyesedwa cipatso ca karma yoipa ya mkazi. Wamasiye anali kumetedwa, kubvekedwa zoyera moyo wake wonse ndi kupewedwa pa maukwati monga wa tsoka. M'madera ena munali mwambo wochedwa sati, wakuti mkazi apsere pamodzi ndi mtembo wa mwamuna wake. Sunali mwambo wa Ahindu onse, ndipo Mhindu wina wophunzira, Ram Mohan Roy, ndiye anaulimbana nao kolimba kufikira unaletsedwa mu 1829. Mu 1856 panabwera lamulo lolola amasiye kukwatiwanso. Koma mwambo sufa tsiku limodzi: mu 1987 mtsikana wa zaka 18 anapsa pa moto wa mwamuna wake m'cigawo ca Rajasthan, ndipo boma linakhwimitsanso lamulo. Ku mzinda wa Vrindavan kunasonkhana amasiye zikwi zambiri otayidwa ndi abale ao, ndipo inali nkhani yaikulu pamene mu 2013 ena a iwo anacita nao poyera cikondwerero ca Holi, cimene mwambo unali kuwaletsa.

Ngakhale anthu akulu anapunthwa pa nkhani yotere. Pa 15 January 1934 cibvomezi cinagwedeza cigawo ca Bihar ndi dziko la Nepal, ndi kupha anthu oposa 10,000. Mahatma Gandhi, amene Dr Kenneth Kaunda anali kumulemekeza kwambiri, ananena kuti cimeneci cinali cilango ca Mulungu kaamba ka chimo loyesa anthu ena osakhudzidwa. Colinga cake cinali cabwino, kuti anthu alape. Koma bwenzi lake, mlembi wochuka Rabindranath Tagore, anamtsutsa poyera, kunena kuti cibvomezi ciri ndi zifukwa zake za m'cilengedwe, ndipo sicoyenera kuphunzitsa anthu kuti Mulungu amagwetsa nyumba pa osalakwa pofuna kulanga olakwa.

Buddha mwini anacenjeza za msampha umenewu. Iye anaphunzitsa kuti karma yeni-yeni iri mu colinga ca mtima, osati m'pfuko limene munthu wabadwiramo. Munthu wina dzina lake Sivaka atamufunsa ngati zowawa zonse zimacokera ku zocita zakale, Buddha anakana, nachula zifukwa 8. Zowawa zina zimadza ndi ndulu, zina ndi makhololo, zina ndi mpweya wa m'thupi, zina ndi zitatuzi pamodzi, zina ndi kusintha kwa nyengo, zina ndi kusasamala, zina ndi kubvulazidwa ndi anthu, ndipo zina zokha ndizo zipatso za karma. Anaphunzitsanso kuti kayendedwe keni-keni ka karma n'kosatheka kuti munthu wamba akalondole. Owerenga Baibulo akumbukira kuti abwenzi a Yobu anadzudzulidwa cifukwa coumirira kuti mabvuto ake anadza ndi chimo lobisika, ndi kuti pa Yohane mutu 9 Yesu anakana kuti munthu wobadwa wosaona anali kulipira chimo lake kapena la makolo ake.

NANGA IFE?

Wina anganene kuti zonsezi n'za Amwenye, ife sizitikhudza. Koma ludzu lofuna wolakwa pa maliro nafenso tiri nalo. Kumene ena amati ndi karma yake, ife timati alipo wamudya. Mwana akafa ndi malungo, m'malo mofunsa ngati anagona m'masikito ndiponso ngati anafika msanga ku cipatala, maso amatembenukira kwa gogo wosauka wa kumapeto kwa mudzi. Mwamuna akafa, ena amaloza mkazi wake, ndipo mtembo usanazizire ayamba kale kuwerenga mbuzi, njinga ndi malata. Njira ndi ziwiri, koma zimakathera pamodzi: cisoni cimasanduka mkwiyo, ndipo mkwiyowo umagwera wopanda mphamvu.

Pa zimenezi malamulo a dziko lino sanakhale cete. Kuchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Ndiponso lamulo la 1989, lonena za cuma ca munthu wofa osalemba m'mene cidzagawidwire, linakhazikitsa kuti magawo 50 mwa 100 apite kwa ana, 20 kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, 20 kwa makolo a malemu, ndipo 10 kwa ena amene anali kudalira malemuyo. Nyumba ndi ya wotsalayo pamodzi ndi ana, ndipo wotsalayo ali ndi ufulu wokhalamo kufikira atakwatiwanso kapena kukwatiranso. Lamuloli silikhudza minda ya m'manja mwa mafumu. Kumeneko ndi udindo wa anyakwawa ndi ankhoswe kuona kuti wamasiye ndi ana ake asatsale opanda polima.

Za kumene akufa athu ali, Mhindu, Mkristu, Msilamu ndi wotsata za makolo adzapitiriza kuyankha mosiyana. Koma onsewa amagwirizana pa mfundo imodzi, yakuti zocita za munthu ziri ndi kulemera, ndipo sizithera ku manda. Ciphunzitso cotere cimathandiza munthu akaciloza pa cifuwa cake, nadzifunsa kuti kodi ine ndikubzala ciani lero. Cimaononga akaciloza kwa mnzake amene ali m'misozi. Mwambi uja wakuti coipa citsata mwini unanenedwa kuti ucenjeze amene afuna kucita coipa, osati kuti tikaunene pa khomo la namfedwa.

Amalume anga anamwalira zaka zingapo zapitazo, ndipo tinawaika ku mudzi kwathu mwa mwambo wa makolo. Pakati pa anthu amene anatumiza cipepeso panali mwana uja wa mwini sitolo, yemwe uja anayatsa moto wa atate wake. Ndalama zake zinagula nsalu ndi matumba awiri a ufa wodyetsa olira. Akulu-akulu ena amene kale anagamula kuti anthu amenewa alibe cisoni anadya nao nsimayo. Inu owerenga athu, mukamva mfuu ya maliro m'mudzi woyandikana nao, tengani kaufa ndi mtolo wa nkhuni, pitani mukakhale pansi ndi ofedwa, ndipo mafunso ofuna wolakwa muwasiye pa njira. Caona mnzako capita, mawa ciri kwa iwe.